Jimmy Hogan: Mphunzitsi wa kupatsirana mpira yemwe kwawo adamukana

Ana akamasewera mpira, kaya n'kusukulu kaya n'kuseri kwa msika, yemwe amaomberedwa m'manja ndi uja wothamanga, wodyetsa anzake njomba kapena womenya mpira mwamphamvu mpaka kukagwera kumunda kwa eni ake. Mwana amene waimitsa mpira bwinobwino, n'kudzutsa mutu, n'kupatsira mnzake pamwendo, kawirikawiri palibe amamuona.

Komatu padali munthu wina amene adathera moyo wake wonse pa mwana wachiwiriyu. Dzina lake ndi Jimmy Hogan, Mngerezi yemwe adaphunzitsa mpira kwa zaka pafupifupi 50, ndipo zambiri mwa zakazo adali kunja kwa dziko lake. Ku Austria, Hungary ndi Germany amamutenga ngati mmodzi mwa makolo a mpira wawo, pomwe kwawo ku England adamutcha kapirikoni ndipo kwa nthawi yaitali sadafune kumva zomwe ankanena.

Mfundo yake idali imodzi: kupatsirana mpira si mphatso yobadwa nayo ayi, koma ntchito yophunzira, ndipo nthawi yabwino yoiphunzira ndi paubwana.

Mwana wofuna unsembe asanduka wampira

James Hogan adabadwa pa 16 October 1882 m'tauni ya Nelson, m'chigawo cha Lancashire ku England, ndipo adakulira ku Burnley. Makolo ake adali ochokera ku Ireland, Akatolika olimbikira. Derali lidali la mafakitale owomba nsalu, komwe ana ambiri akangosinkhuka ankalowa ntchito yomweyo ya makolo awo.

Bambo ake ankafuna kuti mwanayu adzakhale wansembe, choncho adamutumiza ku St Bede's College ku Manchester. Koma mtima wa mnyamatayu udali pabwalo la mpira. Adasiya za unsembe n'kuyamba kusewera, poyamba m'matimu ang'onoang'ono a kwawoko, kenaka mu 1903 adalowa timu ya Burnley ngati wosewera kutsogolo.

Ku Burnley n'komwe adaona vuto lomwe lidamuvutitsa moyo wake wonse. Masiku amenewo zokonzekera za matimu a ku England zidali kuthamanga kuzungulira bwalo ndi kulimbitsa thupi basi. Mpira weniweniwo osewera sankaukhudza kwenikweni mkati mwa sabata. Akuluakulu ankakhulupirira kuti wosewera akaumanidwa mpira masiku angapo, Loweruka adzaufuna ndi njala.

Mbiri yake imati tsiku lina Hogan ataphonya chigoli adakafunsa womuphunzitsa kuti adalakwitsa pati, kaya ndi kaimidwe kaya ndi kapondedwe ka phazi. Yankho lomwe adalandira lidali loti azingoyesabe, tsiku lina udzalowa. Mnyamatayu sadakhutire. Adaona kuti ntchito imene anthu akuidyera siingamasiyidwe m'manja mwa mwayi, ndipo adayamba kudzifufuza yekha chomwe chimachititsa kuti mpira upite komwe mwini wake akufuna.

Zomwe adatola ku Fulham

Mu 1905 Hogan adapita ku timu ya Fulham mumzinda wa London. Timuyi idali ndi osewera angapo ochokera ku Scotland, ndipo awa adali ndi kaseweredwe kawokawo.

Chiyambire, Angerezi ankakonda kuti munthu atenge mpira n'kuthamanga nawo yekha, kapena kuumenya patali kuti amphamvu akaulimbirane. A ku Scotland, motsogozedwa ndi timu ya Queen's Park ya ku Glasgow, ankasewera mopatsirana pafupipafupi, mpira uli pansi. Pamasewero oyamba a pakati pa maiko awiriwa, pa 30 November 1872, anyamata a ku Scotland adalepherana ndi Angerezi 0-0, ndipo m'zaka zotsatira adawagonjetsa kambirimbiri.

Kaseweredwe aka ndi komwe Hogan adakapeza ku Fulham, ndipo adakagwiritsa. Timuyi idatenga chikho cha Southern League mu 1906 ndi mu 1907, ndipo mu 1908 idafika ndime ya matimu anayi otsiriza mu chikho cha FA. Atachoka kumeneko adadzera ku Swindon Town n'kukathera ku Bolton Wanderers.

Ali ku Bolton, timuyo idapita kukasewera ku Netherlands komwe idathambitsa timu ya Dordrecht 10-0. Anzake adangokondwa ndi zigolizo, koma Hogan adaona anyamata ofunitsitsa kuphunzira amene adalibe wowaphunzitsa. Mu 1910, asadakwanitse n'komwe zaka 30, adabwerera ku Dordrecht ngati mphunzitsi. Chaka chomwecho adatsogolera timu ya dziko la Netherlands pomwe idagonjetsa Germany 2-1.

Kodi ankaphunzitsa chiyani?

Chiphunzitso cha Hogan chidayambira pa chinthu chomwe ambiri amachidumpha: kuimitsa mpira. Iye ankati munthu sangapatsire bwino mpira umene sadaugonjetse. Mpira ukabwera n'kudumpha paphazi, wosewera amataya nthawi kuuthamangira, mutu uli pansi, ndipo pofika poti apatsire mdani amakhala wafika kale. Koma akauziziritsa pa kukhudza koyamba, amapeza mpata wodzutsa maso n'kuona komwe kuli anzake.

N'chifukwa chake ophunzira ake ankatha nthawi yaitali akuimitsa mpira ndi mkati mwa phazi, kunja kwa phazi, pansi pa phazi, pantchafu ndi pachifuwa. Ankabwereza chinthu chimodzimodzi mpaka mwendo uzolowere. Aliyense ankayenera kugwiritsa ntchito miyendo yonse iwiri, chifukwa wosewera wa mwendo umodzi mdani amamudziwa msanga komwe alowere.

Chachiwiri chidali kupatsirana mpira uli pansi. Mpira wam'mwamba umachedwa kufika, mphepo imausokoneza, ndipo umasanduka wolimbirana, womwe mwini wake ndi aliyense amene watalika kapena kulimba. Mpira wapansi, womenyedwa ndi mkati mwa phazi, umafika msanga ndipo woulandira savutika nawo. Phazi loponda limaima pambali pa mpira, kuloza komwe mpirawo ukupita, ndipo mphamvu imayezedwa molingana ndi mtunda. Izi sizikutanthauza kuti Hogan ankadana ndi mpira wautali. Ankauvomereza ngati uli ndi komwe ukupita, monga kuchotsa masewero mbali yothinana kupititsa mbali ina, osati wongomenya kuti ubwere wokha.

Chachitatu, chomwe n'chovuta kwambiri kwa ana, chidali kuyenda ukapatsira. Wopatsira asaime n'kumaonerera ntchito yake, koma asunthe kupita pamalo opanda mdani kuti mnzake akhale ndi womubwezera. Mpira nawo usamangopita pomwe mnzako waima, koma patsogolo pake, pomwe akulowera. Timu ikazolowera zimenezi, mpira ndi umene umathamanga, ndipo otopa amakhala adani omwe akuusaka.

Hogan sankangolankhula. Ankavala nsapato n'kuonetsa yekha, ndipo adapitiriza kutero mpaka atakalamba. Ankagwiritsanso ntchito bolodi ndi choko ngati mphunzitsi wa m'kalasi, zomwe osewera a ku England ankaziona ngati zachibwana.

Nkhondo imupeza ku Vienna

Mu 1912 timu ya Austria idalepherana ndi Hungary 1-1. Mkulu wa mpira ku Austria, Hugo Meisl, adafunsa woimbira masewerowo, Mngerezi James Howcroft, chomwe timu yake ikusowa. Howcroft adamuuza kuti ikusowa mphunzitsi weniweni, ndipo adatchula Hogan.

Umu ndi momwe Hogan adafikira ku Vienna kukakonzekeretsa Austria masewero a Olympics a ku Stockholm chaka chomwecho. Kumeneko Austria idakwapula Germany 5-1 isadagonje kwa Netherlands. Meisl ndi Hogan adagwirizana kwambiri pa kaonedwe ka mpira, moti Hogan adaitanidwanso ndipo adasamukira ku Vienna ndi banja lake.

Mwatsoka, mu 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka, ndipo Britain ndi Austria adali mbali zosiyana. Hogan adamangidwa ngati nzika ya dziko la adani. Mkazi wake ndi ana adaloledwa kubwerera ku England mu 1915, koma iye adatsala. Angerezi ena ochita malonda ku Vienna adamuimira kuti asapite kundende ya akaidi a nkhondo, ndipo adakhala akuwagwirira timaganyu.

Amene adamuombola ndi akuluakulu a timu ya MTK ya ku Budapest m'dziko la Hungary. Iwo adakonza zoti apite kwawoko akaphunzitse mpira, bola azikaonekera kupolisi nthawi ndi nthawi.

Ku MTK adapeza kuti osewera akuluakulu ambiri ali kunkhondo. Sadachitire mwina koma kutembenukira kwa ana. Awiri mwa anyamata omwe adawatola ali achisodzera, György Orth ndi József Braun, adadzakhala akatswiri otchuka a dziko la Hungary. Apa m'pomwe zidaoneka poyera kuti m'mera mpoyamba: ana amene adali asadakhwime m'zizolowezi zoipa adagwira chiphunzitso chake msanga kuposa akuluakulu. MTK idatenga ligi ya Hungary mu 1917 ndipo sidaitaye mpaka 1925, ngakhale kuti Hogan mwini wake adachoka nkhondo itangotha.

Kwawo amulandira ndi masokosi

Atafika ku England, Hogan adalibe kalikonse. Adamva kuti bungwe loyendetsa mpira la FA likuthandiza osewera omwe nkhondo idawasokoneza, ndipo adapita kukaonana ndi mlembi wa bungwelo, Frederick Wall. Malinga ndi momwe Hogan ankafotokozera, mkuluyu sadamupatse ndalama koma masokosi a asirikali, pomukumbutsa kuti anzake ankamenya nkhondo pomwe iye ankaphunzitsa adani mpira.

Chilonda ichi sichidapole msanga. Munthu amene adatsekeredwa kunja mosafuna, kutali ndi mkazi ndi ana kwa zaka zingapo, tsopano ankaonedwa ngati wogulitsa dziko. Adalongedza katundu n'kubwerera kumaiko omwe ankamufuna.

Adaphunzitsa ku Switzerland, ku matimu a Young Boys ndi Lausanne, ndipo adali mmodzi mwa aphunzitsi omwe adakonzekeretsa timu ya dzikolo masewero a Olympics a 1924 ku Paris. Switzerland idafika ndime yotsiriza komwe idagonja 3-0 kwa Uruguay. Adabwereranso ku Budapest, kenaka n'kupita ku Germany komwe ankayendayenda kuphunzitsa osewera ndi aphunzitsi anzake. Ku timu ya Dresdner SC, mmodzi mwa ana omwe adakula akuona ntchito yake adali Helmut Schön, dzina loti tilisunge.

Panthawiyi mbewu yomwe iye ndi Meisl adafesa ku Vienna idali itacha. Mu May 1931 Austria idathidzimula Scotland 5-0, eni ake a mpira wopatsirana kugonja ndi luso lawo lomwe. Pa 7 December 1932 timu yomweyo, yomwe katswiri wake adali Matthias Sindelar, idabwera ku London, ndipo Hogan adathandiza kuikonzekeretsa. England idapambana 4-3 pabwalo la Stamford Bridge, koma ambiri omwe adaonera adavomereza kuti alendowo ndi amene adasewera mpira wokoma. Chenjezo lidali litaperekedwa, koma poti eni bwalo adapambana, ochepa okha ndi amene adalimva.

Ayesanso kwawo

Mu 1934 Fulham, timu yomwe idamuphunzitsa kupatsirana, idamulemba ntchito ngati mphunzitsi wamkulu. Sizidayende. Osewera akuluakulu sadafune kuti munthu awaphunzitse kuimitsa mpira ngati ana a sukulu, ndipo akuluakulu a timu adaima ndi osewerawo. Hogan adachotsedwa ntchito chaka chisadathe, ali m'chipatala kuchira opaleshoni.

Austria idamuitananso, ndipo pamasewero a Olympics a 1936 ku Berlin adafikitsa timu ya dzikolo ndime yotsiriza, komwe idagonja 2-1 kwa Italy m'mphindi zoonjezera.

Chaka chomwecho Aston Villa, yomwe idali itangotuluka mu ligi yaikulu koyamba m'mbiri yake, idamupatsa mwayi. Mu 1938 Villa idatenga chikho cha ligi yachiwiri n'kubwerera pamwamba, komanso idafika ndime ya matimu anayi otsiriza mu chikho cha FA. Zinthu zitangoyamba kuoneka, nkhondo yachiwiri idabuka mu 1939 ndipo ntchito idathera pomwepo.

Nkhondo itatha Hogan adali ndi zaka zoposa 60, koma sadakhale pansi. Mu 1948 adapita ku Celtic ya ku Scotland. Kumenekonso ena mwa akuluakulu ankamuseka, koma achinyamata ankatchera khutu. Mmodzi wa iwo, Tommy Docherty, yemwe adadzaphunzitsa Chelsea, Manchester United ndi timu ya Scotland, ankanena poyera kuti Hogan ndi amene adamutsekula maso. Kenaka Hogan adabwerera ku Aston Villa kukaphunzitsa ana, ndipo mwa omwe adadutsa m'manja mwake mudali Ron Atkinson, yemwenso adadzakhala mphunzitsi wa Manchester United.

Tsiku la Wembley

Pa 25 November 1953 timu ya Hungary, yomwe idali itatenga golide pa Olympics ya 1952, idabwera pabwalo la Wembley. Kufika tsikulo, palibe timu yochokera kunja kwa zilumba za Britain ndi Ireland yomwe idagonjetsapo England pakwawo. Anthu pafupifupi 100 000 adadzaza bwalolo, ndipo pakati pawo padali nkhalamba ya zaka 71 itakhala ndi anyamata ake a Aston Villa.

Mphindi imodzi isadathe, Nándor Hidegkuti adali atamwetsa kale. Alendowo ankapatsirana pansi, kusinthana malo, kulowa m'mipata, ndipo otchinga kumbuyo a England sadadziwe woti amugwire. Hidegkuti adachinya zitatu, Ferenc Puskás ziwiri, József Bozsik chimodzi. Masewero adathera 6-3. Mu May 1954 matimuwa adakumananso ku Budapest, ndipo England idakunthidwa 7-1.

Atatha masewero a ku Wembley, akuluakulu a mpira a ku Hungary adauza atolankhani kuti kaseweredwe kawo kadachokera kwa Jimmy Hogan. Apa m'pomwe Angerezi ambiri adadzidzimuka kuti mankhwala omwe ankawasowa adali pakhomo pawo pomwe, akuphunzitsa ana ku Birmingham.

Chilungamo chake n'chakuti Hogan sadachite zonsezi yekha. Asadafike ku MTK, katswiri wa ku Scotland John Tait Robertson adali ataphunzitsako kale. Puskás ndi anzake sadaphunzitsidwe ndi Hogan mwachindunji, ndipo nzeru zoti wosewera kutsogolo azibwerera pakati kukasokoneza adani zidakonzedwa ndi aphunzitsi a ku Hungary komweko, monga Márton Bukovi ndi Gusztáv Sebes. Chomwe Hogan adasiya ndi maziko: ana amene adawaphunzitsa kuimitsa ndi kupatsira adakula, ena n'kukhala aphunzitsi, n'kuphunzitsa ena. Nyumba adamanga ndi eni ake, koma pamaziko amenewo.

Masiku otsiriza

Hogan adapuma pantchito mu 1959 ali ndi zaka 77 ndipo adabwerera ku Burnley. Adamwalira pa 30 January 1974 ali ndi zaka 91. Bungwe la mpira la ku Germany lidalembera banja lake kalata yachipepeso yomwe idamutchula ngati tate wa mpira wamakono m'dzikolo.

Patangotha miyezi isanu, mu July 1974, ndime yotsiriza ya World Cup idaseweredwa ku Munich pakati pa West Germany ndi Netherlands, maiko awiri omwe Hogan adaphunzitsako. West Germany idapambana 2-1, ndipo mphunzitsi wake adali Helmut Schön, mwana uja wa ku Dresden. Chaka chimenecho England sidakwanitse n'komwe kupita ku mpikisanowo.

Mu 2003 mtolankhani Norman Fox adatulutsa buku la moyo wa Hogan, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake lakhala likumveka kwambiri kwawo kuposa momwe lidamvekera ali moyo.

Phunziro kwa ophunzitsa ana

Chokoma pa chiphunzitso cha Hogan n'chakuti sichilira ndalama zambiri. Mpira umodzi ndi khoma n'zokwanira kuti mwana aphunzire kumenya ndi mkati mwa phazi n'kuimitsa mpira ukamabwerera, mwendo wamanja kenaka wamanzere. Ana atatu ataima ngati mafuwa, mmodzi ali pakati kusaka mpira, amaphunzira kudzutsa mutu, kuyeza mphamvu ndi kusuntha akapatsira. Masewero a anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, pakabwalo kakang'ono, amapatsa mwana aliyense mpata wokhudza mpira kambirimbiri, kusiyana ndi kuika ana 22 pabwalo la akuluakulu pomwe ena amatha masewero onse osaugunda.

Chomwe chimavuta ndi kuleza mtima. Timu ya ana yomwe ikuphunzira kupatsirana imataya mpira pamalo oopsa ndipo imagonja kwa anzawo ongomenya kutsogolo kwa mnyamata mmodzi wamtali. Makolo ndi oonerera amayamba kulalata, ndipo mphunzitsi amakopeka kuti asiye zophunzitsazo apeze chipambano cha Loweruka likudzali. Akuluakulu a Fulham adasankha njira imeneyo mu 1935. A MTK adalola ana kuphunzira, ndipo zipatso zake zidadyedwa kwa zaka makumi angapo.

Hogan sadatengepo World Cup, sadalemere, ndipo dziko lake silidamupatsepo timu yake kuti aiphunzitse. Koma mukadzaona mwana waimitsa mpira mofatsa, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kupatsira mnzake pansi, dziwani kuti akuchita zomwe mwana wa ku Burnley adayamba kulalikira zaka zoposa 100 zapitazo. Mwana wotereyu muombereni m'manja.